Ndinabisa uthenga wako wa za ayezi

Lirangwe, 14 Juni

Wokondedwa mng'ono wanga Madalo,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko ngakhale kukuzizira. Kuno tilipo. Miyendo ya ababa yayamba kupepuka, ndipo alamu ako a Goodwell akugwirabe ntchito ku eyapoti ya Chileka.

Pepala la kafukufuku wako linafika. Lamulungu titaweruka kutchalitchi, ababa anaitanira akulu a mpingo kunyumba, nati ndiwamasulire poti ndimaphunzitsa sayansi.

Ndinawauza kuti uli ndi chipangizo chozizira kuposa firiji iliyonse ya ku Blantyre, ndipo umathiramo mpweya wa asidi pa ayezi. Ndinati mpweyawo sungodutsa ayi, umakakamira pamwamba pa ayeziyo n'kufewetsa kakhungu kake. Zimenezi zikachitika m'mitambo yozizira kwambiri kumwamba, dzuwa likawomba pamatuluka mpweya wina wodya chophimba chimene chimatiteteza ku ukali wa dzuwa.

Anamva onse, ngakhale a Malizani amene amawodzera pa ulaliki. Anawomba m'manja. Kenaka ababa anaimirira n'kunena kuti m'nyumba mwawo mutu anaupatsa Madalo. Ine anandituma kukatenga tiyi.

Madalo, ndinalira kukhitchini. Chemistry unaidziwira kwa ine, pa mkeka, ndi makope anga. Chaka chimene ndinasankhidwa ku yunivesite amayi anagwa sitoroko, ine ndinatsala kuwatembenuza pabedi mpaka tsiku lomaliza. Iwe unapita. Sindinakuuzepo kuti zithunzi zako za mu labu ndimazifufuta ndisanazione bwino.

Tsono imva chimene ndalembera kalatayi. Mu Meyi unapempha kuti ulankhule ndi ana anga a Fomu 4 pa foni ya vidiyo. Ndinakuyankha kuti kusukulu kulibe netiweki. Linali bodza, netiweki imagwira bwinobwino pansi pa mtengo wa mango. Ahedi, a Sankhani, atandifunsa za iwe, ndinati watanganidwa ndipo ulibe nthawi ya masukulu a kumudzi. Anagwedeza mutu n'kunena kuti ophunzira kwambiri amatero. Ndinakudetsera dzina, mwana wa amayi anga, chifukwa ndinkaopa kuti ana aja akakuona, ine adzandiona ngati wongolemba pa bolodi.

Dzulo ndinalowa mu ofesi ya ahedi n'kuulula zonse. Sanandikalipire. Anangofunsa kuti ndi tsiku liti lomwe ungaimbe.

Nsanje sinandichoke, ndisakunamize. Koma imba Lachisanu likubwerali, teni koloko ya kuno. Mayeso ayandikira, ndipo atsikana asanu ndi awiri amene atsala m'kalasimo sanaonepo mkazi wa kwathu kuno atavala chovala cha mu labu. Foniyo ndidzakugwirira ndine.

Pepala lako ndaliwerenga katatu. Pa tsamba lachinayi pali pomwe sindikugwirizana nawe, ndipo ndidzakufunsa pamaso pa ana. Udzaimbe utakonzeka.

Ambuye akusunge. Ababa ndi alamu ako akupereka moni, nawe undiperekere moni kwa anzako a kuntchito.

Ndine mkulu wako,
Lettie