Chingwe cha munthu wa ku Tariso

4 mwezi wa Sebati
Mphepo ya ku Damasiko ilibe manyazi, yalowa mpaka m'mafupa. Tsiku lonse kupota zingwe, wolankhula naye palibe. Mkazi wanga Tiriza akanati, "Eliyakimu, wayambanso kutafuna milomo ngati ngamira." Chaka chatha chimukokereni pamphero yake ku Yerusalemu, ufa uli m'manja, chifukwa chotchula dzina la Yesu. Anafera m'ndende. Ine ndinali kumsika tsiku limenelo.

9 Sebati
Amene anamukoka Tiriza ali mumzinda muno. Wa ku Tariso uja. Dzina lake sindilemba, lingandidetsere tsamba. Akuti anagwa panjira, anachita khungu, Ambuye anamulankhula, tsopano wabatizidwa. Ha! Ine kupemphera mpaka maondo kuchita zipsera, kumwamba kuli zii, ngakhale kutsokomola. Iyeyo kumuitana ndi dzina!

12 Sebati
Mapemphero kwa Mayi Hulida. Wa ku Tariso uja anamukhazika pamphasa yathu, ati ndi mbale wathu. Mkate unadutsa m'manja mwake usanafike kwa ine. Ndinangoupatsira wina. Potuluka Mayi Hulida anati, "Mwanawe, chifundo cha Mulungu sichiyamba chaodira kwa iwe." Ine: "Nanga tsiku lija chinali kuti, mayi?" Anangokonza mpango wawo.

27 Sebati
Sindinapondekonso. Palibe wabwera kudzandiona. Ayi, ndanama. Mayi Hulida anasiya mphodza ndi nkhuyu pakhomo. Ndinadya. Mkwiyo sukhutitsa.

2 Adara
Zatembenuka. Wa ku Tariso uja anzake akale akumusaka, alonda ali pazipata zonse. Abale agwirizana zomutsitsira kunja kwa linga m'dengu, kudzera pazenera la Mayi Hulida, poti nyumba yawo ili palinga. Wopota zingwe pakati pathu ndine ndekha. "Wodziwa kuchigwira ndiwenso," anatero gogoyo. Kodi sakuona chimene akundipatsa? Kapena akuona.

Linga ndi lalitali. Pansi pake miyala yokhayokha. Chingwe chimapulumuka m'manja, angandifunse ndani?

3 Adara
Zikhato zasupuka, cholembera chikuvuta kugwira.

Atakhala m'dengu muja anandiyang'ana. Kamunthu kochepa, kadazi, maso akadali ofiira. Anati, "Bambo Eliyakimu, akazi anu ndikuwakumbuka. Chingwe chanuchi sichondiyenera ine." Ndinangoti, "Ananena chiyani?" Iye: "Kwa ine palibe. Anandilavulira m'diso."

Ndinaseka! Abale kundigwira pakamwa kuti alonda angamve. Ndi yemweyo Tiriza wanga, sankataya mawu pomwe malovu akwanira. Kenako misozi mbwee. Chaka chonse palibe anandibweretsera ngakhale kanyenyeswa ka iye, lero wobweretsa n'kukhala ameneyu.

Ndinayamba kutsitsa. Ali pakati pa linga ndinauza manja anga kuti tayani. Anakana. Anagwirabe, khungu likusupuka, mpaka chingwe chinakhwefuka ndipo ndinamva mapazi akuthamanga kumunsi.

Mayi Hulida akuti ndamukhululukira. Sindikudziwa. Mumtima mudakali makala. Ngati chinali chifundo, sichinali changa, chinangobwereka manja anga osapempha.

M'nyumba muli zii. Munthu yekhayo amene ndikumudziwa kuti anamuona Tiriza masiku omaliza wapita, ndamuthawitsa ndekha. Ndipo sindinamufunse ngati m'ndende muja Tiriza ananditchula.