Kapitao wakananso ulalo

Lachisanu, mwezi wa Junho. Tsiku loipa.

Kwacha ndi nkhungu, chisanu cholasa m'zala. Chandidzutsa ndi chikwapu. Amalume amamenya Kapitao, ng'ombe yathu yapangolo, pa ulalo wa kudimba. Wakananso kuwoloka, mbatatesi zili m'ngolo.

Masabata atatu ndakhala ndikumulondola n'kumalemba m'kaderno, kope langa lakusukulu. Pa mlatho wa simenti amawoloka. Pa ulalo wopita kuchigayo amawoloka, chonsecho ndi wogwedera kuposa wathu. Amakana umodzi wokha, uja anathyokerapo mwendo Soldadu, mnzake wapagoli, chaka chatha. Akafika pamenepo amanunkhiza mitengo n'kuima nji.

Ndawaonetsa aporofesora a Biolojiya. Sanawerenge n'komwe.

"Nyama siiganiza, iwe. Ndi chibadwa basi. Zimenezi sizibwera pa prova, mayeso anu aja."

Anzanga onse kuseka. Ndimafuna kufunsa kuti chibadwacho chimasankha bwanji ulalo, koma ndangotseka kaderno. Mpaka pano ndikudzikwiyira.

Masana ndawapeza amalume akumanga Kapitao chingwe m'nyanga.

"Malume, si ulesi ayi. Akukumbukira. Bwanji tizizungulira kumtunda?"

"Ng'ombe izindisankhira njira ine? Tenga kaderno wakoyo ukawawerengere ogula nyama ku Domwe."

Ndimayesa akungoopseza. Zaka zisanu wawakokera ngolo, iwo sakumbukira. Iye wakumbukira mnzake mmodzi, walakwa. Ndiye wopanda maganizo pamenepa ndani? Ndikanangowaonetsa okha kuti pa mlatho paja...

Dzuwa likulowa amayi abwera kuchokera kudimba. Achemwali abwera kuchokera kukwaya. Amalume abwera okha pa njinga, chingwe atachikulunga pa chiwongolero.