Dzina la pa Laisensi

Lolemba, 2 Juni

A Sumaila achoka. Zaka zisanu ndi chimodzi akuyang'anira chitetezo cha cheza kuchipinda chathu cha ekisireyi, kutsanzika kwake kakalata ka mizere iwiri ndi makiyi pa desiki. Akuti apeza ntchito ku Gaborone. Laisensi ya kiliniki ili pakhoma, dzina lake ndi lawo. Adokotala Zikhale, eni kiliniki, atulukira 10 koloko kuchokera ku Area 12, awerenga kakalatako, afunsa ngati laputopu yatsala. Basi. Ine ndajambula zifuwa khumi ndi zinayi.

Lachitatu, 4 Juni

Tikuyenera kudziwitsa a bungwe loona za cheza ku City Centre. Adokotala ati tisathamange, tizinena kuti a Sumaila ali pa holide. Holide yake yonyamula ndi makatani omwe.

Udindo apatsa a Paxton, mlamu wawo, katswiri wathu wogula mafuta a jenereta. A Paxtonwo andifunsa ngati cheza chimanunkha chikamatuluka.

Lachisanu, 6 Juni

Ndatsegula kabati ya a Sumaila. Mabaji amene timavala oyezera cheza cholowa m'thupi, a miyezi isanu ndi itatu, ali m'envulopu, sanatumizidwe kokawerengedwa. Pansi pake makalata anayi opempha kuti akonze chitseko chotchinga cheza, sichitsekeka bwino. Pa kalata iliyonse dzanja la adokotala: "Tiona."

Pafupi ndi chitseko chimenecho ndi pamene ndimaima tsiku lonse. Ndili ndi mimba ya miyezi itatu. Akudziwa ndi mwamuna wanga Redson yekha. Ndadzitsekera m'chimbudzi mphindi khumi.

Lachiwiri, 17 Juni

Kalata yafika, a bungwe adzayendera Lachisanu. Lero ndi pamene adokotala akumbukira kuti a Paxton alibe satifiketi. Ine tsopano ndine "mwana wathu Tabitha". Chipisi cha nkhuku pa tebulo, pambali pake fomu yondiika pa udindo wa a Sumaila. "Ndi dzina chabe, ntchito yake palibe."

Redson akuti ndisasaine, ndingosiya ntchito. Iye wa ku Capital Hill, malipiro othera pa minibasi.

Lachinayi, 19 Juni

Ndasaina 8 koloko. Adokotala anandigwira chanza ndi manja awiri. Tsamba lachiwiri la fomu sanaliwerenge, pamene palembedwa kuti wosainayo ali ndi mphamvu yoimitsa makina. 9 koloko ndazimitsa, ndakhoma chipinda, odwala ndawalozera kwina. Mabaji ndi makalata anayi aja ndakasiya ndekha ku City Centre.

Adokotala aimba kasanu ndi kamodzi. Uthenga womaliza ukuti ndikumbukire amene anandilemba ntchito. A Paxton atumizanso wawo, akufunsa ngati jenereta nayo azimitse.

Mayi amene analandira envulopu ku bungwe kuja anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako nkufunsa motsitsa mawu kuti mimbayi ndi ya miyezi ingati. Ati baji yanga ndiyo iyambe kuwerengedwa. Zotsatira Lolemba. Redson sindinamuuze za chitseko.