Chipembere Ichi Munachijambula Ndinu

Achimwene a Percy Kachingwe, lero zakwana zaka zinayi chitisiyireni kuno ku Nairobi. Owerenga adabwa kuona chipembere ndi mwana wake pamwamba pa mawu awa m'malo mwa nkhope yanu. Tafufuza m'nyumba monse ku Spring Valley, chithunzi chanu chooneka bwino palibe, poti moyo wanu wonse munali kuseri kwa kamera. Komabe chipemberechi ndachiika dala.

Kamera yanu yoyamba ndinakugulirani ine ku Dubai, malole anga akadali awiri okha. Ndayenda ine, achimwene, mukudziwa. Guangzhou, Durban, Kigali, ku Mombasa ndiye ngati kuseri kwa nyumba. Konseko palibe amene anandikhazikapo chete, koma inu nokha. Munkanditenga m'mamawa kupita ku nkhalango ya zinyama ili m'mphepete mwa mzinda uno, n'kuzimitsa injini, n'kumadikira. Ndikayamba kufotokoza za mitengo ya matayala munkangondigwira bondo, osandiyang'ana n'komwe. Munkati nyama imajambulidwa pole pole, pang'onopang'ono, wofulumira amabwerako ndi michira yokhayokha.

Tsiku la chithunzi ichi chipembere chinatifulatira m'mawa wonse, chikungodya. Kenaka foni yanga inalira, dalaivala akundiuza kuti lole yafa ku Malaba. Chinyamacho chinadzutsa mutu n'kutiyang'ana, mwana atabisala kumiyendo, nyumba zitalizitali za m'tauni zikuoneka kumbuyo. Munajambula kamodzi kokha. Pobwerera munaseka mpaka kuimika galimoto, mumvekere phokoso langa lagwira ntchito koyamba chibadwire.

Ndinkakuuzani kuti muzilemba dzina pa zithunzi zanu, monga ndimalembera langa pa chitseko cha lole iliyonse. Munkakana, mukuti mwini chithunzi ndi nyamayo. Taonani tsopano. Griffin uja, mnzanu wa kutchalitchi amene munamuphunzitsa kugwira kamera, amene ankadya kwanu Lamlungu lililonse, analira kuposa tonse tikukweza bokosi lanu mu ndege popita kukakuikani ku Ntcheu. Titabwerako, ine ndili ku China, anapita kwa mkazi wanu, alamu a Veronica, kukapempha kompyuta yanu ndi makhadi onse a m'kamera, ati akonze chionetsero chokukumbukirani. Alamu anamupatsa, n'kumuthokoza ndithu. Ndikanakhalapo ine sakanatuluka nazo pa geti.

Chionetserocho chachitikadi chaka chino ku Karen. Tinachimva kwa anthu, tinkayesa waiwala chabe kutiitana. Tinapita titatchena, ine nditasonkhanitsa anzanga a bizinesi kuti akaone ntchito ya mkulu wanga. Mikango yanu inalipo, akadyansonga, njovu za ku Amboseli zimene munadwalira nazo malungo. Pansi pa chithunzi chilichonse panali dzina la Griffin. Lanu silinalembedwe ngakhale pa khomo. Ndinamumva ndi makutu angawa akuuza alendo kuti chipemberechi anachidikira mwezi wathunthu, chinamuyang'ana chifukwa chinamuzolowera. Foni yanga ija, achimwene! Atationa anatipatsa moni wa Chingerezi, ngati anthu ongokumana nawo mu matatu, minibasi za kuno.

Alamu mpaka lero amadziimba mlandu. Mwana wanu Sungeni, amene anatsala ndi kamera ya ku Dubai ija, anandifunsa ngati alipo amene adzakhulupirire kuti bambo ake ankajambula.

Ndikumuyankha lero. Chithunzi ichi Griffin sankadziwa kuti ndili nacho. Munanditumizira tsiku lomwelo, kuti ndizikumbukira ntchito ya phokoso langa. Ndatenga tsamba lino la nyuzipepala kuti chituluke chachikulu, dzina lanu lili pansi pake. Ndachimatanso pa malole anga onse, zilembo zake zowerengeka munthu ali kutsidya kwa msewu. Kuyambira ku Mombasa mpaka ku Kampala, aliyense wotsatira lole yanga aziwerenga kuti wojambula ndi Percy Kachingwe. Ndikudziwa simunkafuna dzina pa chithunzi. Munkandikhazika chete muli moyo, koma pa ichi chokha sindikumverani.

Sitidzakuiwalani, ndipo sitilola munthu kukufufutani.

Ndine mng'ono wanu Morris, pamodzi ndi alamu a Veronica ndi Sungeni.