Mapiritsi Amene Munandisiyira pa Maliro

Likangala,
T.A. Mwambo,
Zomba.
16 Juni 1991

Okondedwa achemwali Alefa,

Ndikhulupirira muli bwino ku Ndola komweko pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno tadzuka, ndipo ndikati tadzuka ndikunena ndi mtima wonse, chifukwa mwezi wathawu panatsala pang'ono kuti mulandire telegalamu m'malo mwa kalata ino. Mpunga takolola matumba khumi ndi awiri, koma si umene wandikhazika pansi lero.

Mkonono wa alamu anu, bambo a Rhoda, mukuudziwa. Si inu munathawira kukhitchini usiku mutabwera ku maliro a amayi? Tinkaseka, achemwali, osadziwa kuti ndi matenda. Amati akaliza mkonono, kenaka zii, mpweya osatuluka, ine n'kuwerenga mpaka makumi awiri, ndiye n'kudzidzimuka ngati atsamwa. Masana kumangosinza. Amapita kumunda kukaingitsa mbalame, mbalamezo n'kumadya iwo ali m'tulo. Tsiku lina anagwera m'ngalande ndi njinga yomwe.

Dokotala wa ku Zomba anati kummero kwawo kumatsekeka akagona chagada. Akuti kwa azungu kwabwera makina ouzira mpweya m'mphuno, koma ife magetsi tiwatenge kuti? Ndiye anandiuza kuti ndisokerere chitsononkho kumsana kwa malaya ogonera, kuti akati atembenuke chiziwabaya, azigona chammbali. Ndinasoka. Ha, nkhondo inayambira pomwepo! Munthu wagona chagada chibadwire, lero umuuze zina? Usiku wonse kutembenuka ndi kudandaula. "Mayi a Rhoda, mwandisandutsa nkhokwe kodi?" Sabata ziwiri osagona iwo, osagona ine, mpaka kumsika anthu ankandifunsa ngati ndikudwala.

Tsopano ndiulule, poti kwa inu sindingabise. Mukukumbukira mapiritsi oyera aja munandisiyira pa maliro, munati chisoni chikandisowetsa tulo ndizimwa limodzi? Sindinawamalize. Ndinawasunga m'chitini cha singano, paja kwathu mankhwala sititaya, amayi ankatigawira ngakhale otsala a malungo a anansi. Ndinati anandithandiza ine, angalephere bwanji kwa iwo? Alamu anu mapiritsi amadana nawo, ndiye ndinkaphwanya ndi supuni n'kuthira m'tiyi wamadzulo, shuga wambiri. Tsiku loyamba anagona, ine n'kuthokoza Mulungu. Lachiwiri anavutikabe pang'ono. Lachitatu ndinaika awiri. Amene anati chifundo chinaphetsa nkhwali sananame.

Usiku umenewo anagona chagada, chitsononkho osachimva n'komwe. Chinandidzutsa n'chete. Ndinawerenga makumi awiri, makumi atatu, makumi anayi, palibe. Nditayatsa koloboyi ndinapeza milomo yawo yada bii. Mayo ine! Ndinawagwedeza, ndinawaitana dzina lawo lenileni, ndinawamenya mbama, ine amene kumenya mwamuna wanga, mpaka ndinawakhuthulira madzi a mumtsuko. Apo ndi pamene anakoka mpweya. Ndinawakhazika tsonga, n'kuwakumbatira kumbuyo, mpaka kunja kunacha. M'mawa a Yusufu, aja oyendetsa lole ya nsomba ya ku Kachulu, anatikweza pamwamba pa madengu a matemba kupita ku Zomba.

Dokotala anawafunsa, "Munamwa chiyani dzulo?" Iwo anati, "Tiyi basi." Ine ndinamasula pa chitenje kabotolo ka mapiritsi aja n'kukaika patebulo. Dokotalayo anandifotokozera kuti kudzidzimuka kumene kunkandisowetsa mtendere kuja n'kumene kumawapulumutsa, ndipo mapiritsiwo amamugoneka munthu kuti asadzidzimuke. "Mayi, mukanaonjezera limodzi, bwenzi tikunena zina." Ndinalira pamaso pa anamwino onse, manyazi osawamva.

Koma musade nkhawa, zinthu zasintha. Ndinawasokera mtsamiro wautali wa mankhusu a mpunga woti azitsamira kumsana, ndipo thupi lazolowera lokha. Kamkonono katsala n'kakang'ono, ndipo dzulo anapuntha mpunga tsiku lonse osasinza. Mapiritsi otsala ndinataya m'chimbudzi. Musadziimbe mlandu, inu munandipatsira ine, wolakwa ndine. Chonde musawauze achimwene a Edwadi, mukudziwa pakamwa pawo ndi wailesi. Ngati alamu ali ndi malaya akale aakulu munditumizireko awiri, chitsononkho chikung'amba nsalu.

Chimene chinandivuta n'chakuti chichokereni kuchipatala bambo a Rhoda sanayankhulepo za nkhaniyi. Masiku anayi ndinkangodikira kuti aitana ankhoswe. Lachisanu tikuyanika mpunga pabwalo ndinalephera kupirira, ndinagwada, ndinati, "Bambo, ndinakulakwirani, ndikanakuphani." Iwo anapitiriza kuyala mpunga ndi phazi, kenaka anati, "Mayi a Rhoda, tiyi wanu ndamwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Mukuyesa kuwawa kuja sindinakumve? Ndinadziwa tsiku loyamba lomwe. Ndinkamwa kuti inuyo mugoneko, munali mutatheratu chifukwa cha ine."

Taonani, achemwali! Anthu awiri akuluakulu, aliyense kubisira mnzake chifukwa chomumvera chisoni, mpaka kutsala pang'ono kukumbitsa manda. Tinakhala pansi pomwepo pa mphasa, tinalira, kenaka tinaseka mpaka nkhuku zinayamba kudya mpunga ife tikuziona.

Mupereke moni kwa alamu a Samsoni ndi ana onse. Rhoda ndi mwamuna wake akupereka moni, amayi a mvano nawonso amakufunsani. Ndawafunsa bambo a Rhoda kuti ndikulembereni chiyani kuchokera kwa iwo. Ali panjapa akumata tayala la njinga, ndipo akuti ndingolemba kuti mlamu wanu akupuma.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
Elenala