Tiyi wa Apongozi

Ndirande, Blantyre

Okondedwa Amayi,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu. Bondo lija likukulolani kupita kudimba? Ife kuno tilipo, Maziko wayamba sukulu ndipo wayamba kale kutiphunzitsa ife Chingerezi.

Musadabwe kuti ndalemba kalata foni ilipo. Nyumba ya lendi ino khoma lake silifika kudenga, ukanong'ona kuno, kuchipinda kwina amva. Ndipo amene ali kuchipinda kwinako ndi apongozi anga, bambo awo a amuna anga a McDonald.

Paja anabwera kudzaonana ndi madokotala. Kwa ine amati akudwala msana, koma amuna anga anandiuza zoona zake. Si khansa ayi. Kachiwalo ka abambo kotchedwa pulositeti n'kotupa, ndipo matendawa amapita n'kubweranso. Akapita kukataya madzi amachedwa, amabwerako ali thukuta lokhalokha. Chimbudzi timagawana ndi mabanja ena papuloti pano, ndiye anthu amagogoda, iwo n'kumachita manyazi. Mapilisi anamaliza, ululu sunathe.

Kenako a Hawkins, mnzawo wa kutchalitchi, anawatengera ku Mbayani kwa wogulitsa mankhwala azitsamba. Anabwerako ndi ufa wa muzu wina wochokera kunja, akuti likorisi, wotsekemera kuposa nzimbe. Ndine ndimawawiritsira m'mawa ndi madzulo, ndipo tonse awiri timautchula kuti tiyi wa msana. Akuti akupezako bwino. Mwina n'zoona, chifukwa ayambanso kuseka ndi mdzukulu wawo.

Koma Amayi, mapazi atupa. Nsapato za kutchalitchi sizikulowanso, akuyendera mapatapata a mwana wawo, ndipo mutu sukuwasiya. Titapita kukayezetsa, BP inali itakwera kwambiri pomwe mapilisi awo a BP amamwa tsiku lililonse. Adokotala atawafunsa ngati pali china chimene akumwa, apongozi anakana, kenako anandiyang'ana. Ine ndinangozolika. Ndikanawatsutsa bwanji apongozi pamaso pa munthu?

Mawa lake ndinabwererako ndekha ndi paketi ija. Adokotala anati muzu umenewu umasunga madzi m'thupi n'kukweza BP, ndipo asiye msanga asanachite sitiroko. Anati ndikangowauza, ngati kuti n'chinthu chapafupi.

Inu munandilera, mukudziwa. Munthu amene sindidya naye pamodzi, amene ndimayankhula naye nditagwada pakhomo, ndikayambe bwanji nkhani ya kunsi kwa lamba wake? Ndikangoti adokotala aletsa, adziwa kuti ndinakaulula bodza lawo, komanso kuti matenda awo ndikuwadziwa. Akhoza kunyamula chikwama tsiku lomwelo, ufa uja uli momwemo.

A McDonald ali ku Beira ndi thiraki. Ndinawaimbira nditabisala kuseri kwa mpopi, iwo anati tidikire abwere, komanso mwana sangauze bambo ake zoterozo. Ndinayesanso kuwiritsa udzu wa tiyi uja wa lemonigirasi m'malo mwa ufawo n'kuthiramo shuga wambiri. Apongozi anangolawa kamodzi, n'kundiuza mofatsa kuti mwina ndasokoneza mapaketi. Ndinapsa mtima, koma ndinapita kukawiritsa weniweniwo.

Pempho langa ndi limodzi. Muwoloke mtsinje mukawaone a Ackson, ang'ono awo a apongozi, muwafotokozere zonsezi monga akuluakulu. Abwere sabata ino, nandolo adzathyola akabwerera. Amuna okhaokha angathe kukhala pansi n'kuuzana, kenako apite nawo kuchipatala akanene zoona, awapezere thandizo lina. Muwauze kuti asanditchule.

Mundiperekere moni kwa achemwali a Cecilia ndi ana, kwa amalume, ndi kwa azakhali ku Luchenza. Maziko akuti mumusungire mapeyala.

Chonde musachedwe, Amayi. Ndatopa ndipo ndikuopa. Mpaka a Ackson atafika, mawa m'mawa ndigwadanso pakhomo paja n'kuwapatsa kapu ija ndi manja awiri, iwo n'kundithokoza kuti ndine mpongozi wabwino.

Ndine mwana wanu,
Eliness