Amuna Anga Akuti Makina Awo Onse Akasungunulidwe

Aphungu,

Ndine mayi wachikulire, ndipo nkhani yanga ndi ya amuna anga, a Lionel, ndi makina awo otchetchera kapinga.

Chikwatiranireni, bambowa akhala akutolera makina akalekale, ena okankha ndi manja, ena a injini zaphokoso. Ankawapeza m'misika ya zinthu zakale, m'nkhokwe za m'mafamu, ena kudzala. Ankabwera nawo ali dzimbiri lokhalokha, n'kumasula bawuti iliyonse, kunola mipeni, kupaka penti yobiriwira, mpaka makinawo n'kumawala ngati atuluka m'fakitale dzulo. Shedi inadzaza, galaja inadzaza, galimoto n'kumagona panja. Ine ndinkawanena kuti, "Inu, kabwalo kathu n'kongoyalapo mpando umodzi, makina onsewa atchetcha kuti?" Iwo ankati, "Glenys, anzanga amatolera zibwenzi, ine ndimatolera zitsulo. Uzithokoza."

Nyengo yotentha ikafika ankapita nawo ku ziwonetsero za m'midzi ndi mnzawo wapamtima, a Cedric. Awiriwo ankatha tsiku lonse akukangana za mtundu wa penti, n'kubwera ali osangalala, malaya ali girisi yekhayekha.

Chaka chatha a Lionel anadwala sitiroko. Anapulumuka. Amayenda ndi ndodo, amalankhula mokoka, koma dzanja lamanja silinabwerere mwakale. Masitepe a m'nyumba mwathu akuwalephera, ndiye mwana wathu Bryony watipezera kanyumba pafupi ndi kwake. N'kabwino, koma kalibe shedi, kalibe bwalo.

A Lionel atatuluka m'chipatala, a Cedric anabwera kudzawaona. Anapeza makina ena ali pabenchi, omasulamasula, momwe mwini wake anawasiyira tsiku lodwalalo. Anangoti, "Mdala, ndikumalizire awa?" Amuna anga anakalipa: "Chotsa manja ako pamenepo! Wamva kuti ndafa?" A Cedric anasiya tiyi wawo osamwa, n'kutuluka. Sanabwerenso.

Sabata yatha ndinawapititsira amuna angawo tiyi ku shedi. Ndinawapeza atapana chitsulo ndi mawondo, sipanala ili kudzanja lamanzere, akulimbana ndi nati. Natiyo inapulumuka, n'kugubudukira pansi pa benchi. Anayesa kuwerama, zinakanika. Aphungu, munthu amene sanagwetse msozi ngakhale pa maliro a mayi ake, tsiku limenelo analira ngati mwana. Nditati nditole natiyo anati, "Isiye. Imbira ogula zitsulo zakutha. Atenge zonse, akasungunule. Zatha ntchito ngati mwini wake."

Kuyambira pamenepo sapitanso ku shedi. Chakudya amangochitokosa. Amakhala pampando atafulatira windo. Bryony akuti, "Amayi, bambo anena okha, imbani tithane nazo." Sindikumuda, nayenso watopa. Koma nthawi iliyonse ndikagwira foni, chala chimakana. Ndawadandaula makina amenewa moyo wanga wonse, lero ndine amene ndikuwalirira. Kodi ndiwamvere amuna anga, kapena ndikhala ndikuwathandiza kudzikwirira ali moyo?

G.T., Stroud

Mayi G.T.,

Pepani ndi zonsezi. Foniyo ikani pansi. Chala chanu chikukana chifukwa chikudziwa zimene inunso mukudziwa: amene analankhula tsiku lija si a Lionel, ndi chisoni. Bambowa sakulira makina, akulira dzanja lawo, ndipo akufuna kulanga zitsulo chifukwa dzanjalo sangalilange. Galimoto ya ogula zitsulo ikangochoka pakhomo, mkwiyo udzatha, koma makinawo sadzabweranso.

Musawanamize, ndipo musakangane nawo. Auzeni poyera kuti, "Ndamva, koma sindiimba mwezi uno. Mukadzanenanso mtima uli m'malo, tidzakambirana." Mwawapukutira girisi m'malaya zaka zonsezi, muli ndi ufulu woyankha choncho.

Choyamba kuchita n'kupita kwa dokotala wawo, sabata ino, osati ya mawa. Kukana chakudya, kufulatira windo, kudzitcha wotha ntchito, zimenezi si khalidwe loipa. Anthu ambiri odwala sitiroko amagwa m'matenda a maganizo, ndipo thandizo lilipo. Mawu aja akuti "ngati mwini wake" mukawanene kwa dokotala monga momwe anatulukira. Mufunsenso kwa amene amawaphunzitsa kugwiritsa ntchito thupi ngati pali zipangizo zopanira zitsulo pabenchi, zoti munthu wa dzanja limodzi n'kumasula nati yekha.

Kenako pitani kwa a Cedric, nokha. Ndikukhulupirira kuti bambo ameneyo akhala pafupi ndi foni miyezi yonseyi, manyazi akuwaletsa kuimba. Iwo sanalakwe mtima, analakwa mawu. Akabwera asadzati "ndikumalizire." Abwere ndi makina awo amene awakanika, n'kunena kuti, "Mdala, ichi chandigonjetsa, tandiuza pamene ndikulakwitsa." Mutu wa a Lionel udakali ndi zonse zimene manja ankadziwa. Munthu wotero sangapirire kuona mnzake akumanga bawuti molakwika. Adzalankhula.

Tsono chowawa ndi ichi: makina ambiri achokadi. Kanyumba kaja sikakula chifukwa cha misozi yathu. Koma kuchoka kuli mitundu iwiri. Kwina n'kuponyedwa m'ng'anjo. Kwina n'kuti mwini wake aloze yekha kuti awa apite kwa uje wa ku ziwonetsero, awa ku nyumba yosungira zakale, awiri awa akakhale m'shedi ya a Cedric kumene ndizikawaona Loweruka. Bryony mumuuze kuti sakulakwa kufuna kuti musamuke, koma akupatseni nthawi. Ntchitoyi ndi ya bambo ake.

Inunso mayi, muzidya. Pezani mnzanu womulirira, chifukwa wosamalira wodwala amadwala mwakachetechete.

Chenjezo langa ndi ili. Munthu akayamba kutaya zonse zimene amakonda, n'kumadziwerengera pamodzi ndi zinyalala, musamusiye yekha nthawi yaitali, ndipo mankhwala awo muzisunga ndinu. Akanenanso mawu onga amenewo, afunseni mosazungulira ngati akuganiza zodzivulaza, ndipo akavomera imbirani achipatala nthawi yomweyo. Kufunsa sikupha munthu. Chimene chimapha n'kukhala chete poopa kumukhumudwitsa.

Aphungu